Samuel Josia Nthara: Mphunzitsi Amene Anafunsa Akulu

Mau oyamba

Munthu akaima pa City Market mu Lusaka m'mawa, pamene anthu ocokera ku Chelstone, Kabwata, Woodlands ndi madera ena ali pikitipikiti, amamva Cinyanja ca mitundu yambiri. Wina alankhula Cicewa ca ku Katete, wina Cinsenga ca ku Petauke, wina Cingoni ca ku Chipata, ndipo anyamata oitanira mabasi alankhula Cinyanja ca m'tauni cosakanizika ndi Cibemba ndi Cingerezi. Pakati pa anthu amenewa pali amai ndi abambo acikulire amene asunga m'mitu mwao maina a mafumu, mbiri za mafuko, nyimbo za pamtondo ndiponso miyambi imene sinalembedwe m'buku lililonse. Ambiri a ife timagula nyemba ndi kapenta kwa iwo n'kumapita, osafunsa kanthu. Tsiku limene mmodzi wa iwo atsikira kuli cete, zonse zimene anali kudziwa zipita naye kumanda.

Mutu uno ukusimba za mphunzitsi wina wa sukulu za ana amene anaona kutayika kotereku kukali m'mawa, natenga pensulo ndi kope kukafunsa akulu. Dzina lao ndi a Samuel Josia Nthara, a ku Malawi, mlembi wa buku la Nthondo ndi la Mbiri ya Acewa. Tawasankha pa zifukwa ziwiri. Coyamba, iwo anali mphunzitsi monga momwe inu mudzakhalire, opanda digiri ya ku yunivesite, koma mabuku ao anafika mpaka ku London ndi ku Germany. Caciwiri, moyo wao utiphunzitsa maluso awiri ofunika kwa mphunzitsi aliyense wa Cinyanja: kufufuza nkhani kwa anthu, ndi kusanthula zimene zalembedwa. Dziwani msanga kuti m'mabuku a Cinyanja dzina lao limalembedwa Nthara, koma m'mabuku a Cingerezi limalembedwa Ntara. Wofunafuna mabuku ao m'laibulale ayang'ane maina onse awiri, kuopa kubwerako cimanjamanja.

Ubwana ndi maphunziro

A Nthara anabadwa m'caka ca 1905 m'cigawo capakati ca dziko limene lero timalicha Malawi. Pa nthawiyo Angerezi anali kulicha British Central Africa Protectorate, ndipo dzina lakuti Nyasaland linabwera mu 1907. Nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo zinali zitangotha kumene, kotero kuti m'midzi munali akulu ambiri amene anaona zinthuzo ndi maso ao. Ena anabisalapo m'mapiri ndi m'malinga, ena abale ao anagwidwa n'kutengedwa kupita nao kunyanja osabweranso. Mwana wa masiku amenewo sanali kusowa womusimbira zakale madzulo pamoto.

M'cigawo comweco munali mishoni ya Dutch Reformed Church yocokera ku South Africa. Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anatsegula Mvera mu 1889 m'dziko la mfumu Chiwere, ndipo Nkhoma inatsegulidwa mu 1896, n'kudzakhala likulu la mishoniyo pambuyo pake. Mishoni imeneyi inali ndi sukulu zambiri za m'midzi, inali kuphunzitsa m'Cinyanja, ndiponso inali ndi makina ake osindikizira mabuku. Baibulo lonse la Cinyanja, Buku Lopatulika, limene nchito yolimasulira inatsogoleredwa ndi W.H. Murray, linatuluka mu 1922, a Nthara ali mnyamata wa zaka pafupifupi 17. Kuno kwathu, amishoni a mpingo womwewo ocokera ku Orange Free State anatsegula Magwero mu 1899 ndi Madzimoyo mu 1903, pafupi ndi Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata. Mabuku a Cinyanja anali kudutsa malire mosabvuta. N'cifukwa cake Cinyanja ca m'mabuku ca ku Zambia ndi ca ku Malawi n'cimodzi, ngakhale kuti kalembedwe ka zilembo zina kanasiyana.

A Nthara anaphunzira m'sukulu za mishoni imeneyi, nacita maphunziro a uphunzitsi, nagwira nchito yophunzitsa pansi pa ulamuliro wa Nkhoma. Mphunzitsi wa masiku amenewo anali munthu woima pakati. Mbali ina kunali mmishoni amene anamuphunzitsa ndi kumulipira, mbali ina kunali mfumu, anamkungwi ndi akulu a pabwalo amene anamulera. Anali kudziwa zinenero za mbali zonse ziwiri, ndipo mbali zonse ziwiri zinali kumuyang'anitsitsa. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti idzatithandiza pamene tifika posanthula mabuku ao.

Mpikisano wa ku London ndi buku la Nthondo

Mu 1926 ku London kunakhazikitsidwa bungwe lochedwa International Institute of African Languages and Cultures, limene colinga cake cinali kulimbikitsa kuphunzira ndi kulemba zinenero za mu Africa. Patapita zaka zowerengeka bungweli linayamba kucititsa mpikisano wa caka ndi caka wa mabuku olembedwa ndi Aafrika m'zinenero zao. Itafika nthawi ya Cinyanja, a Nthara anatumiza zolemba zao, ndipo mu 1933 analandira mphotho. Bukulo, lochedwa Nthondo, linasindikizidwa ku Nkhoma caka comweco. Pa nthawi imodzimodziyo, ku Nigeria, Pita Nwana analandira mphotho ya bungwe lomweli cifukwa ca buku lake la Omenuko, lolembedwa m'cinenero ca Igbo.

Mu 1934 Nthondo anatuluka m'Cingerezi ku London ndi mutu wakuti Man of Africa. Analimasulira ndi T. Cullen Young, mmishoni wa ku Scotland amene anagwirapo nchito ku Livingstonia, ndipo mau otsogolera analemba ndi Julian Huxley, katswiri wa sayansi amene mu 1946 anakhala mkulu woyamba wa bungwe la UNESCO. Kuti muone kufulumira kwa nchito imeneyi, kumbukirani kuti buku lochuka la Chinua Achebe, Things Fall Apart, linatuluka mu 1958, patapita zaka 25 cisindikizidwire Nthondo.

Ngakhale bukuli linalembedwa monga mbiri ya munthu, ilo ndi nkhani yopeka. Likutsata moyo wa Nthondo kuyambira kubadwa kufikira imfa. Tiona mwanayo akukula m'mudzi wa Acewa, akulowerera pa unyamata wake mpaka kucita zakuba, akucoka kwao kukafuna nchito kutali, akubwerera, akulowa ufumu wa mudzi, ndipo potsiriza akutembenuka kukhala Mkhristu. M'kati mwa ulendo umenewu wowerenga aona miyambo ya pa kubadwa kwa mwana, ya ukwati, ya maliro, ndi kaweruzidwe ka milandu pabwalo.

Kusanthula Nthondo

Ophunzira ambiri akauzidwa kuti asanthule buku, amangolisimbanso mwacidule n'kuthera pomwepo. Kusimbanso nkhani ndi ciyambi cabe. Kusanthula ndi kufunsa bukulo mafunso, monga momwe akulu a pabwalo amafunsira mboni. Tiyeni tione mafunso anai amene Nthondo angatiyankhe.

Funso loyamba ndi la mtengambali wamkulu. Kodi Nthondo wa kumapeto asiyana bwanji ndi Nthondo wa pa unyamata, ndipo n'ciani cimene cinamusintha? Wophunzira asangonena kuti anali woipa kenaka anakhala wabwino. Asonyeze malo eni eni m'bukumo pamene kusinthako kukuonekera, ndi anthu amene anamukankhira ku mbali iyi kapena iyo.

Funso laciwiri ndi la malo ndi nthawi. Ulendo wa Nthondo wokafuna nchito unali ulendo wa amuna zikwizikwi a ku Nyasaland ndi a ku Cigawo ca Kum'mawa kuno kwathu. Boma la atsamunda linaika msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, ndipo ndalamazo zinali kupezeka m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, kumene makolo athu anali kuchula kuti ku Halale ndi ku Joni. Amene sanabwerenso anachedwa machona. Wowerenga wodziwa zimenezi amva kulemera kwa nkhaniyo kuposa wosadziwa.

Funso lacitatu, limene ambiri amaliiwala, ndi ili: analemba ndani, anasindikiza ndani, ndipo analembera yani? Nthondo analembedwa ndi mphunzitsi wa mishoni, nasindikizidwa pa makina a mishoni, kuti awerengedwe makamaka ndi ana a sukulu za mishoni. Conco sitidabwa kuona kuti msana wa nkhaniyo ndi kugwa ndi kulapa, mofanana ndi fanizo la mwana wolowerera la pa Luka 15. Izi sizisandutsa bukulo kukhala labodza, koma zitiuza pamene mlembi anaima poyang'ana mudzi wake. Tidziwa kuti mishoni ya Nkhoma inali kulimbana kwambiri ndi nyau, kotero buku lililonse locokera pa makina ake tiyenera kuliwerenga mocenjera pa nkhani zotere. Alembi a maiko ena anakumana ndi bvuto lomweli. Ku Lesotho, buku la Thomas Mofolo lochedwa Chaka linakhala zaka zoposa khumi lisanasindikizidwe, cifukwa amishoni ena a ku Morija sanakondwe nalo, ndipo linatuluka mu 1925.

Funso lacinai ndi la cinenero. Wophunzira aone mmene anthu a m'bukumo apatsirana ulemu, mmene wamng'ono ayankhira wamkulu, ndi mau akale amene ana a m'tauni sawamvanso. Apa ndi pamene mphunzitsi wa Cinyanja akolola zambiri, pakuti mau otere akaikidwa pa bolodi n'kufotokozedwa bwino, alemeretsa Cinyanja ca ana.

Mbiri ya Acewa

Mphotho ya ku London ikanakwanira kuti munthu akhale pansi n'kumadzitama, koma a Nthara anatembenukira ku nchito ina yobvuta kuposa yoyambayo. Popeka nkhani mlembi ali ndi ufulu wopanga zimene afuna. Polemba mbiri ya mtundu wa anthu ufulu umenewo palibe, pakuti eni ake a mbiriyo ali moyo ndipo adzatsutsa. Pa nthawiyo mbiri imene ana anali kuphunzira m'sukulu inali makamaka ya mafumu a ku England ndi ya maulendo a David Livingstone, ngati kuti anthu a kuno anayamba kukhalapo tsiku limene mzungu anawaona. Mbiri ya Acewa eni ake inali m'kamwa mwa akulu, ndipo akuluwo anali kutha mmodzimmodzi.

A Nthara anasonkhanitsa zimene mafumu ndi akulu anasimba, naziika m'ndondomeko, ndipo buku la Mbiri ya Acewa linatuluka pakati pa zaka za m'ma 1940, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ili kumapeto. Linasindikizidwanso mu 1965. M'bukumo muli nkhani za kumene Acewa anacokera, za mafuko a Banda ndi Phiri, za ufumu wa Kalonga, za kupatuka kwa Undi, za mafumu monga Mwase ndi Mkanda, za Makewana wa pa kacisi wa mvula wa ku Msinja, ndiponso za kufika kwa Angoni. Kwa ife a ku Zambia bukuli si la alendo ai. Likulu la Kalonga Gawa Undi lili ku Mkaika m'boma la Katete, kumene mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa mwambo wa Kulamba m'mwezi wa Ogasiti.

Taganizani za kuleza mtima kumene nchito yotere ifuna. Mkulu sasimba mbiri ya makolo ake kwa munthu wongofika. Ayenera kudziwa kuti wofunsayo ndi mwana wa yani, wa fuko lanji, ndipo afuna kukacita nazo ciani. Sasimba motsata zaka monga buku, koma ayamba ndi mlandu wa malire a munda, nalumphira ku nkhondo ya Angoni, nabwerera kwa agogo ake. Zina sanena konse cifukwa ndi za kudambwe kapena za kutsimba. Wofufuza wopupuluma adula mkuluyo pakamwa n'kutaya zonse. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyenera kudziwanso kuti a Nthara anacita zimenezi akatswiri a ku mayunivesite asanabvomereze kuti mbiri ya pakamwa ndi umboni woyenera kuulemekeza. Buku la Jan Vansina, limene linaika malamulo a kafufuzidwe ka mbiri ya pakamwa, linatuluka m'Cifalansa mu 1961 ndi m'Cingerezi mu 1965. Pamene akatswiriwo anayamba kufufuza za Amaravi, anapeza kuti mphunzitsi wa ku Nkhoma anali atadutsa kale njirayo, ndipo akulu ambiri amene anasimba nkhanizo anali atamwalira.

Kuyesa umboni

Mu 1973 Mbiri ya Acewa inatuluka m'Cingerezi ku Wiesbaden m'dziko la Germany, ndi mutu wakuti The History of the Chewa. Anaimasulira ndi W.S. Kamphandira Jere, anaikonza ndi Beatrix Heintze, ndipo Harry W. Langworthy, katswiri wa mbiri amene anafufuza za ufumu wa Undi, anaikamo ndemanga zake. M'ndemangazo iye ayerekeza zimene a Nthara analemba ndi umboni wocokera kwina. Uku sikunyoza mlembi. Buku limene akatswiri alitenga n'kuliyesa mutu ndi mutu ndi buku limene aliona kuti n'lofunika. Kwa ife, njira ya kuyesa kumeneku ndiyo phunziro lalikulu, ndipo ili ndi mbali zinai.

Mbali yoyamba ndi kudziwa amene anasimba, ndi cimene akanapindula posimba motero. Pamene boma la atsamunda linayamba kulamulira kudzera mwa mafumu, ndi lamulo la 1929 ku Northern Rhodesia ndi la 1933 ku Nyasaland, mndandanda wa makolo unasanduka cinthu ca mtengo wapatali. Mfumu yosonyeza kuti mzera wake ndi waukulu inali kulandira bwalo la milandu ndi ulamuliro pa anzake. Conco mbumba iliyonse inali ndi cifukwa cokwezera makolo ake. Wofufuza amve mbali ziwiri kapena zitatu asanalembe.

Mbali yaciwiri ndi kupeza zaka. Akulu sachula zaka ndi manambala, koma amangirira nkhani ku cinthu cacikulu cimene cinacitika. Angoni anasimba kuti tsiku limene Zwangendaba anaoloka Zambezi dzuwa linada masana. Akatswiri a zakuthambo atawerengera, anapeza kuti kadamsana ameneyo anacitika mu Novembala 1835, ndipo conco caka ca kuolokako cinadziwika. Zizindikiro zina zothandiza ndi nkhondo ya Mpezeni ndi Angerezi ya 1898, kuukira kwa John Chilembwe kwa 1915, mliri wa fuluwenza wa 1918, ndi njala ya ku Nyasaland ya 1949. Mkulu akanena kuti anali kuyamwa pa nthawi ya njala yakutiyakuti, wapatsa wofufuza cingwe coyezera.

Mbali yacitatu ndi kuyerekeza za pakamwa ndi zolembedwa. Mpwitikizi Gaspar Bocarro anayenda kucokera ku Tete kupita ku Kilwa mu 1616, ndipo Antonio Gamitto anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Acewa pa ulendo wa kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, nalemba zimene anaona. W.H.J. Rangeley analemba za akacisi a mvula mu 1952. Ku National Archives of Zambia mu Lusaka kuli mabuku a maboma amene mabwana a atsamunda anali kulembamo za mafumu ndi midzi. Zolembedwazi nazonso zili ndi zolakwa zake, pakuti mlendo amamva kudzera mwa womasulira ndipo amaona ndi maso a kwao. Koma pamene mkulu wa m'mudzi ndi mlendo wa zaka mazana apitawo agwirizana osadziwana, pamenepo umboni walimba.

Mbali yacinai ndi yocititsa cidwi. Buku likachuka, limabwerera m'kamwa mwa anthu. Mwana aliwerenga kusukulu, akula, akalamba, ndipo wofufuza akadza amusimbira zimene anawerengazo monga ngati anazimva kwa agogo ake. Wofufuza wosacenjera aganiza kuti wapeza mboni yaciwiri yotsimikizira bukulo, pamene wangomva bukulo kaciwiri. Cifukwa cake nthawi zonse funsani mwaulemu kumene mkuluyo anamva nkhaniyo, kaya ndi kwa makolo, kusukulu, m'buku kapena pa wailesi.

Msyamboza ndi mabuku ena

Buku lina la a Nthara limene lionetsa luso lao la kufufuza ndi mbiri ya Msyamboza, mfumu ya mudzi wa Chibanzi m'boma la Dowa, amene anamwalira mu 1926. Mosiyana ndi Nthondo, uyu anali munthu weniweni, ndipo mlembi anadalira anthu amene anamudziwa. Msyamboza anakhalapo m'masiku a malonda a minyanga ndi nkhondo za Angoni, nayesa mbeu zatsopano monga tirigu ndi ulimi wothirira, ndipo pambuyo pake analandira Cikhristu. Cullen Young anamasuliranso bukuli, ndipo linatuluka ku London mu 1949 ndi mutu wakuti Headman's Enterprise. Phindu lake ndi lakuti lionetsa Mwafrika akuyambitsa zinthu mwa nzeru zake, pa nthawi imene mabuku ambiri anali kunena kuti citukuko conse cinadza ndi azungu. Wophunzira wanzeru ayerekeze Msyamboza ndi Nthondo. Mmodzi ndi weniweni, wina ndi wopeka, koma onse awiri ndi mafumu a midzi amene moyo wao uthera m'Cikhristu. Kufanana kumeneku kutiuza kanthu za mtima wa mlembi, ndi za mtundu wa munthu amene iye anafuna kuti ana a sukulu amutsanzire.

Mu 1949 munatulukanso Nchowa, nkhani yopeka imene mtengambali wake wamkulu ndi mkazi. Mu 1964 a Nthara anatulutsa mbiri ya Namon Katengeza, mmodzi wa abusa oyamba acikuda a mpingo wa Nkhoma. Pa zaka zimenezi mzinda wa Lusaka unali ndi mbali yake pa kukula kwa mabuku a Cinyanja, pakuti kuyambira mu 1948 muno munali likulu la bungwe la Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau, limene linathandiza alembi a maiko awiriwa kusindikiza mabuku m'zinenero zao.

A Nthara anakhala ndi moyo mpaka kuona maiko onse awiri akulandira ufulu mu 1964. Mu 1968 boma la Malawi linasintha dzina la cinenero kucoka pa Cinyanja kukhala Cicewa, pamene Zambia inasunga dzina lakale. Caka comweco katswiri wa mbiri Bridglal Pachai analemba nkhani ya moyo wao m'magazini ya Society of Malawi Journal, nawachula kuti mlembi ndi wolemba mbiri. Iwo anamwalira m'zaka za m'ma 1970.

Zimene mphunzitsi atengepo

Ndondomeko ya maphunziro ya 1996, yochedwa Educating Our Future, inabvomereza kuti mwana aphunzira kuwerenga msanga akayamba ndi cinenero cimene acidziwa. Koma ndondomeko siingalembe nkhani zoti ana awerenge. Mphunzitsi wa mu Lusaka adzaima pamaso pa ana amene Cinyanja cao ndi ca pamsika ndi ca m'basi, amene ambiri a iwo sanakhalepo pamoto ndi agogo ao. Mabuku akacepa, iye ali ndi njira ziwiri. Angathe kukopera pa bolodi ciliconse cimene wapeza, m'buku kapena pa intaneti, osaciyesa, ndipo ana makumi asanu adzaloweza colakwaco n'kupita naco ku ukulu wao. Kapena angathe kucita monga a Nthara, kupita kwa odziwa, kufunsa, kuyerekeza, ndi kulemba m'Cinyanja comveka. Safunsa anadya phula.

Ndipo ulemu woyenera kwa a Nthara ndi kuwawerenga ndi maso omwewo amene tiwerengera mboni ina iliyonse. Iwo anali Mcewa wokonda mtundu wao, analinso mphunzitsi wa mishoni wokhulupirika ku mpingo wao. Zonse ziwirizi zili m'mabuku ao, ndipo wophunzira amene atha kusonyeza pamene ciliconse ca izo cikuonekera wayamba kudziwa kusanthula.

Zocita

1. Werengani mitu iwiri ya Nthondo, ndipo muyankhe mafunso anai aja a mtengambali, malo ndi nthawi, mlembi ndi omwe anawalembera, ndiponso cinenero. Pa yankho lililonse chulani tsamba pamene pali umboni wanu.

2. Mu Julayi 2017 moto unaononga mbali yaikulu ya City Market. Muli awiriawiri, pemphani cilolezo kwa atsogoleri a msika, ndipo muceze ndi amalonda atatu amene analipo pa nthawiyo, aliyense payekha. Yambani ndi malonje, fotokozani colinga canu, ndipo wokana musamukakamize, pakuti ena anataya cuma cao conse. Lembani zimene aliyense anaona ndi maso ake padera, ndi zimene anangomva kwa ena padera. Kenaka yerekezani ndi zimene manyuzipepala a mwezi umenewo analemba. Agwirizana pati, ndipo asiyana pati?

3. Funsani munthu wacikulire wa fuko lanu mbiri ya kumene makolo anu anacokera. Lembani tsiku, malo, ndi kumene iye anamva nkhaniyo. Pezani cocitika cimodzi codziwika caka cake cimene cingakuthandizeni kuyeza nthawi.

4. Kucokera pa zimene mwapeza mu nambala 3, lembani nkhani ya mau osaposa 150 yoyenera ana a Giredi 5, pamodzi ndi mafunso asanu. Mnzanu aiwerenge ndi kukusonyezani ciganizo ciliconse cimene mulibe naco umboni.